Mtanda wa a Muhiwa ndi Sowo Yanga

1994

Za ubwana wanga sindilemba, ana inu, chifukwa azakhali anu anakuuzani kale ndipo amazikometsera kuposa mmene ndingathere ine. Ndiyambira pa ntchito. Ntchito yolembedwa ndinaipeza mochedwa, ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu. Zaka zonse zam'mbuyo ndinkawotcherera njinga ndi mawilibala pansi pa mtengo wa mango ku Luchenza, mpaka esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo itafuna fitala, munthu wokonza makina. Ndinapita nditavala jekete, ndikudziona ngati injiniya. Foromani wa wekishopu, a Matiki, munthu wamfupi wosadziwa kuyamika, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Iwe wa pansi pa mtengo, makina anga suwagwira chaka chino. Tenga makwerero, kukomboni malata akudontha."

Chaka chimenecho zinthu zinkasowa. Boma linali litangosintha kumene, mitengo ya zinthu ikukwera mwezi ndi mwezi, ndipo kusitolo ya esiteti ukapempha misomali ankakuyang'ana ngati wapempha mwana wawo. Lamulo la a Matiki linali lakuti msomali uliwonse wozulidwa padenga lakale uwongoledwe, ubwererenso padenga. Tsiku lachitatu, ndili pamwamba pa nyumba zakalekale za kumunsi kwa komboni, ndinaona kuti pansi pa mutu wa msomali uliwonse pali kachitsulo kozungulira, kakuda, kokulirapo kuposa washala wamba. Nditakapala ndi chikhadabo ndinaona njovu ziwiri zitaimirira, pakati pake pali bowo pomwe panadutsa msomali. Ndinakazindikira pompo. Linali kobiri la nthawi ya Chitaganya, pamene dziko lathu analimangirira pamodzi ndi maiko awiri a Rhodesia. Tili ana tinkagulira zitumbuwa makobiri oboola amenewa.

"A Matiki," ndinakuwa, "padenga pano pali ndalama!"

"Tsika nazo ukagule galimoto," anayankha osayang'ana n'komwe m'mwamba.

Pa nthawi yopuma ndi pamene anandifotokozera. Akalipentala amene anakhoma nyumbazo anaona kuti washala wogula ndi wodula kuposa kobiri lenilenilo, ndipo kobirilo linali loboola kale, komanso mkuwa suchita dzimbiri lodya malata. Ndiye anangokhomera ndalamazo padenga. A Matiki anati abwinoabwino ndiwabwezere, opindika ndi odyeka nditaye. Sindinataye. Ndinkawaponya m'thumba la ovolosi, madzulo n'kumawatsuka ndi ndimu ndi phulusa. Sindingakuuzeni bwino chimene chinandigwira. Mwina n'chakuti masiku amenewo anthu ankakambirana zoti nkhope ya pandalama zathu isintha, ndipo ine m'manja mwanga munali ndalama ya boma limene linabwera ndi mbendera, ndi apolisi, ndi mantha ake, koma linatha lisanakwanitse zaka khumi ndi chimodzi, chotsala chake n'kumangotchinga mvula pamwamba pa othyola tiyi. Ndinkamva chisoni chosadziwika bwino, komanso kanthabwala pang'ono. Ndinapeza chitini cha mabisiketi n'kuyamba kusunga. Mayi anu atachitsekula tsiku lina anangopukusa mutu. "Azibambo anzanu amabwera ndi ndalama zogulira sopo," anatero. "Inu mukubwera ndi zoboola."

1997

Patatha zaka zitatu a Matiki anavomera, mokakamizika, kuti manja anga si oipa kwenikweni, ndipo ananditumiza kufakitale. Kumeneko ndinadziwa makina ofotetsa masamba, odula, owumitsa, ndi fungo la tiyi lomwe limalowa m'zovala mpaka kutchalitchi anthu ankadziwa kuti wakhala pambali pawo ndi wa kufakitale. Kumeneko n'komwenso ndinakumana ndi a Muhiwa, mlonda wa pageti. Anali Alomwe a ku Khonjeni, aatali, oonda, ondiposa zaka zingapo. Ntchito yawo inali yosecha aliyense wotuluka kuti asabe tiyi, ndipo ankaigwira mwaulemu, akupepesa thumba lililonse. Tsiku lina anapisa m'thumba langa n'kutulutsa kobiri la njovu lija.

"Achimwene, mukupita kukagula chiyani ndi iyi? Sitolo yake anatseka kalekaletu."

Ndinawauza, ndili ndi manyazi, kuti ndimangosunga. Sanaseke monga ankachitira ena. Analitembenuzatembenuza n'kundibwezera, n'kunena kuti Lamlungu ndikawapeze kunyumba kwawo, ali ndi choti andionetse.

Nyumba yawo inali ya chipinda chimodzi ndi pabalaza, kumapeto kwa mzere, moyang'anana ndi munda wa tiyi. Anandiyalira mkeka, ndipo nkhani anaiyambira kutali, monga amachitira anthu amene anayenda. Ali mnyamata anapita ku migodi ya mkuwa ku Zambia, kenako anawoloka malire kulowa m'chigawo cha Katanga ku Congo, komwe anagwira ntchito ya ulonda. Anali komweko pamene chigawocho chinadzipatula n'kudzitcha dziko palokha, ndipo anali komweko pamene chinagwa. Kumeneko anakwatira mkazi dzina lake Mujinga. Nkhondo itavuta anabwera naye kuno, ndipo mayiyo anakhala zaka zambiri akuthyola tiyi m'mapiri athu ano, osabwereranso kwawo ngakhale kamodzi. Anamwalira ine ndisanafike pa esitetipo. Atafika pamenepa a Muhiwa analowa kuchipinda, n'kubwera ndi kanthu kokulunga m'chidutswa cha chitenje chakale.

Unali mtanda wa mkuwa, wa miyendo inayi yopingasa, wokula kuposa chikhato changa, wolemera ngati hamala. Mbali imodzi inali yosalala, ina yokhakhala chifukwa ankathira mkuwa wosungunula mumchenga. M'makona munali dzimbiri lobiriwira, koma nsonga za miyendo zinali zonyezimira ndi kugwiridwagwiridwa. A Muhiwa anati imeneyo ndiyo inali ndalama ya makolo a akazi awo azungu asanabwere. Ankagulira mbuzi ndi nsalu, ankaperekanso pa ukwati. Tsiku lonyamuka, apongozi awo anamangirira mtandawo m'chiuno mwa mwana wawo, n'kumuuza kuti kumene akupitako alibe m'bale, uwu ndiwo ukhale m'bale wake.

Apa ndiye ndinaonetsa uchitsiru wanga. Mtima wa osunga zinthu ndi woipa, ana inu, umaona chinthu usanaone munthu. Ndinafunsa ngati angandigulitse.

"Mukufuna kugula akazi anga?" anafunsa mofatsa.

Ndinasowa poyang'ana. Koma iwo sanasunge mangawa. Anapisa m'thumba la malaya n'kundipatsa kandalama kofiirira. Mbali imodzi kanali ndi mkoko wa nthochi, mbali inayo kanali ndi mtanda womwewo, ndi chaka cha 1961. "Iyi tengani, ndi ya dziko lija," anatero. "Linafa likadali loyamwa, koma ndalama linasiya. Kaikeni ndi njovu zanuzo, azikachezerana amasiye okhaokha." Kuyambira tsiku limenelo Lamlungu lililonse masana ndinkakhala pakhonde pawo kapena iwo pakhonde pathu. Enanu mukukumbukira, ankakubweretserani nzimbe.

2002

Chaka cha njala a Matiki anapuma, ine n'kukhala fitala wamkulu, makiyi a wekishopu ali m'thumba langa. Manijala wa fakitale anabwera watsopano, Mmalawi mnzathu wophunzira kwambiri, amene tinkangomutchula kuti a Wotchi chifukwa ankayang'ana padzanja ngakhale akukupatsa moni. Sanali munthu woipa, koma ankafuna yankho lisanathe funso. Zipangizo zinkasowabe. Mota ikapsa tinkaimasula n'kuikulunga tokha waya watsopano, malamba oduka tinkasoka ndi manja, ndipo ndikanena zoona ndinkanyadira nazo.

Chitini changa chinakula m'chaka chimenecho, ndipo sindinyadira mmene chinakulira. Anthu atamva kuti ndimakonda ndalama zakale anayamba kubwera nazo pakhomo, atazipeza m'mabokosi a makolo awo, osafuna china koma kambale ka ufa. Mayi anu ankawapatsa ufawo n'kuwauza kuti ndalamazo abwerere nazo, koma ine ndinkawatsatira kuseri kwa nyumba. Ndinapeza tindalama ta Chitaganya totchedwa tiki ndi sikisi, ndi kandalama kopepuka ngati chitsekerero cha botolo ka dziko la Biafra, lomwenso linangokhala zaka zochepa, kamene anandipatsa mphunzitsi wina wopuma wa kumishoni. Ndinapezanso mitanda iwiri yangayanga. Umodzi ndinaupulumutsa pa mulu wa ogula zitsulo zakutha ku Luchenza, winawo anandibweretsera dalaivala wa thiraki woyenda njira ya ku Congo. A Muhiwa anaiyeza m'manja n'kunena kuti ndi yeniyeni, kungoti yopanda mwini.

Kenako kunabuka manong'onong'o. Mukudziwa mmene zimakhalira kukomboni. Munthu wakwezedwa pantchito m'chaka cha njala, akutolera ndalama za anthu akufa, ndiye kuti wakhwima basi. Ena ankati ndalamazo ndimaziika pansi pa pilo kuti zizikoka malipiro a anzanga. Chaka chomwecho mpingo wathu wa Sabata unali utandisankha kukhala mkulu wa mpingo, ndipo ulemu umenewo ndinkaukonda kuposa mmene ndinkavomerera. Ndinanyamula chitini n'kuchibisa pamwamba pa khoma, pansi pa malata. Aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti ndinataya. Amene ankadziwa kuti chilipo anali mayi anu ndi a Muhiwa basi.

2008

Nthawi imeneyo mkuwa unali pamtengo, ndipo ogula zitsulo zakutha ankayenda ndi masikelo mpaka m'midzi. M'mwezi wa Januwale, masamba ali pachimake, akuba anadula nthambo zamagetsi zopita ku mapampu a kudamu. Fakitale inaima masiku awiri, tiyi wothyola kale n'kuwonongeka m'mabasiketi. A Wotchi anapsa mtima zosaneneka. Mkulu wa alonda, amene tinkamutchula kuti a Sajeni poti anagwirapo upolisi, analonjeza kuti wakubayo ampeza sabata isanathe. Lolemba anasecha nyumba za alonda onse. Kwa a Muhiwa, pansi pa mphasa, anapeza mtanda.

Lachiwiri m'mawa analowa nawo m'wekishopu mwanga, a Wotchi ali pambuyo, a Muhiwa ali pakati atawavula chipewa ndi lamba wa ulonda. Kuti mumvetse, a Muhiwa anali atatsala ndi miyezi inayi kuti apume. Munthu wochotsedwa chifukwa cha kuba ankachoka chimanjamanja, popanda za kupuma, nyumba n'kulandidwa, kenako apolisi. Ndipo m'nyumbamo sankakhala okha. Munali mwana wawo wamkazi, Edina, amene amuna ake anali atamwalira, ndi kamwana kake. A Sajeni anaponya mtandawo pabenchi. Maganizo awo sanali a misala ayi. Akuba mawaya ankawotcha pulasitiki wakunja n'kusungunula mkuwawo kuti usadziwike, ndipo a Sajeni anali asanaonepo ndalama ya miyendo inayi chibadwire.

"Bwana, iyi ndi nthambo yathu," anatero. "Asungunula, athira pamchenga. Madalawa akuti ndi ndalama ya akazi awo. Ndalama yanji yopanda nambala?"

"Funsani a fitala," anatero a Muhiwa, mawu ali phee. "Akuudziwa. Akhala akuugwira zaka khumi."

A Sajeni anatembenuka pang'onopang'ono. "Oho. Mukuudziwa, a fitala? Paesiteti yonse ino gasi wosungunulira zitsulo ali muno mokha, eti? Ndipo makiyi amasunga ndani?"

Zimene zinadutsa m'mutu mwanga ndizilemba mosabisa. Ndinaona a Sajeni akukwera pampando m'nyumba mwathu n'kutsitsa chitini, m'menemo muli mitanda iwiri ndi makobiri a mkuwa ochokera pamadenga a esiteti. Ndinaona anthu a kumpingo ataima panja akuonerera. Inenso ndinali nditatsala ndi chaka ndi theka kuti ndipume, awiri mwa inu muli ku sekondale.

"Mkuwa ndi mkuwa, bwana," ndinatero. "Ndi maso okha sindingadziwe."

A Wotchi anayang'ana padzanja n'kufunsa ngati pali njira yodziwira msanga. A Sajeni anati ilipo: ukadula chitsulo chosungunula mothamanga, m'kati mumaoneka timawaya tosasungunuka bwino. "Dulani, a fitala," anatero a Wotchi. Ndinaupana mtandawo pa vayisi. Ndinatenga sowo yodulira zitsulo. Mkuwa ndi wofewa, sunandivute n'komwe, ndipo mpaka lero chimandipweteka n'chakuti ndinadula mowongoka bwino, mwaluso, monga ndinkachitira ntchito iliyonse. Mwendo umodzi unagwera pansi. A Muhiwa nthawi yonseyi ankayang'ana khoma. M'kati munali mofiira, moyera, mopanda kawaya ngakhale kamodzi. A Sajeni anangoti ndiye kuti anasungunula mosamala. A Wotchi anaimitsa a Muhiwa pantchito n'kunena kuti mlandu udzakambidwa Lolemba, zidutswa ziwirizo n'kuzitsekera mu ofesi.

Lachitatu ndi Lachinayi ndinagwira ntchito ngati munthu wodwala malungo. Ndinkadziuza kuti popeza m'kati simunapezeke waya, awamasula okha. Ndinkadziwa kuti ndikudzinamiza, chifukwa a Sajeni ankafuna munthu woti amuonetse, ndipo anali atampeza. Lachisanu dzuwa likulowa, tikukonzeka kulandira Sabata, ndinatenga buku la nyimbo. Mayi anu sanakhale pansi. Anali atakumana ndi Edina pampopi, ndipo anali atamva zonse.

"Bambo a ana, mwatenga bukulo kuti tiimbe nyimbo iti?"

"Iliyonse."

"Edina wayamba kumanga katundu. Akuti bambo ake sakudya kuyambira Lachiwiri. Sakudandaula za ntchito ayi, angokhala ndi kachitenje kaja m'manja."

"Ukufuna nditani? Ndikatulutsa chitini chija atimanga tonse. Ana awa adya chiyani?"

"Adya zomwe azidya mwana wa Edina," anatero. "Inu mawa mukaima kutsogolo kuphunzitsa anthu? Ine ndiye ndikakhala panja."

Usiku umenewo sitinaimbe. Mawa lake sindinaphunzitse, ndinapempha wina n'kukhala kumbuyo. Musaganize kuti ndinalimba mtima mwadzidzidzi. Lamlungu lonse ndinkafunafuna njira ina, mwina kulemba kalata yopanda dzina, mwina kutumiza kandalama ka nthochi kokha kudzera mwa munthu. Koma kandalamako pakokha a Sajeni akanati n'kachidole, ndipo funso likanabwerabe lakuti kachokera kwa yani. Lolemba m'mawa ndinakwera pampando ndekha, n'kutsitsa chitini, n'kuchimanga pakaliyala ya njinga. Ndinadutsa nacho pakati pa komboni anthu akuona.

Mu ofesi munali a Wotchi, a Sajeni, kalaliki wolemba, ndi a Muhiwa atakhala pabenchi pafupi ndi chitseko. Sanandiitane, ndinangogogoda. Nditatsekula chitini patebulo, a Sajeni anaimirira ndi chimwemwe. "Bwana, taonani! Ndimanena ine. Fakitale yonse ili m'chitini!" Ndinapempha kuti andilole ndiyankhule kamodzi kokha. Ndinaika mitanda yanga iwiri pambali pa woduka uja, kenako ndinapereka kandalama ka nthochi m'manja mwa a Wotchi, n'kuwapempha kuti akatembenuze. Anavala magalasi. Anayang'ana mtanda wa pakandalamako, n'kuyang'ana wa patebulo, n'kuwerenga chaka chija mokweza. Anatenga chidutswa chachikulu n'kupala dzimbiri lobiriwira ndi chikhadabo, n'kufunsa a Sajeni ngati waya wobedwa sabata yatha angachite dzimbiri lotere, kapena kusalala nsonga chonchi. A Sajeni anati zimenezo sangadziwe. Aka kanali koyamba kuona a Wotchi atakhala nthawi yaitali osayang'ana padzanja.

"Nanga makobiri awa?"

"Ndi a pamadenga a kukomboni, bwana. Anandiuza kuti nditaye, ine ndinasunga."

"Lachiwiri munati simungadziwe."

"Ndinanama, bwana. Mtandawo ndimaudziwa bwinobwino, ndi wa malemu akazi awo. Ndinaopa."

Kalaliki anasiya kulemba n'kundiyang'ana. A Wotchi anauza a Sajeni kuti abweze chipewa ndi lamba, ndipo iwo eni anaimirira n'kupereka zidutswa ziwiri zija kwa a Muhiwa ndi manja awiri, n'kupepesa. A Muhiwa anazikulunga m'kachitenje, anathokoza bwana, n'kutuluka. Ine anandipatsa kalata ya chenjezo chifukwa chonamiza akuluakulu, anandilanda makiyi, n'kunditumiza kukayang'anira mapampu kudamu, komwe ndinamalizira ntchito yanga. Kumpingo anandipempha kuti ndipume kaye pa ukulu mpaka nkhani ya chitini izizire. Zonsezi ndinazilandira, zinali zondiyenera. Akuba enieni a nthambo sanapezeke. A Muhiwa anamaliza miyezi yawo inayi, analandira zonse zowayenera, lole ya esiteti n'kuwatula kwawo ku Khonjeni pamodzi ndi Edina ndi mwana. M'miyezi inayi imeneyo sindinapite pakhonde pawo. Ndinkati ndipita mawa.

2009

Ndinapuma m'mwezi wa Juni, kukuzizira. Mlungu wachiwiri nditapuma ndinakwera minibasi mpaka ku Luchenza, kenako kabaza, kotsalako wapansi, ndikufunsa njira. M'chikwama ndinanyamula shuga, buledi, mtanda wanga wabwino koposa mwa iwiri ija, ndi tizipangizo tomwe fitala sasiya kunyumba. Ndinawapeza akuwothera dzuwa pakhonde la nyumba ya njerwa zowotcha, ya malata atsopano. Kuseri kunali nandolo ndi chinangwa. Anali ataonda kuposa kale, koma maso anali omwewo. Anandilandira bwino. Edina anabwera kudzagwada n'kupereka moni, anaphika tiyi, tinafunsana za matenda ndi za mvula. Kamdzukulu kawo, kamtsikana koyamba kumene sukulu, kankatisuzumira pachitseko.

Tiyi atatha ndinapepesa. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, koma anatuluka ochepa. Ndinati ndinawalakwira, ndinawakana pamaso pa anthu, ndipo ndinadula chinthu chimene ndinkadziwa kuti n'chiyani. Kenako ndinatulutsa mtanda wanga n'kuuika pamkeka, kuti atenge wathunthu m'malo mwa woduka.

Anaukankhira kwa ine ndi chala chimodzi. "Bwererani nawo. Uwu sanavalepo munthu m'chiuno."

"Ndiye ndipatseni wanuwo ndipite nawo ku Luchenza. Ndikaulumikiza ndi gasi, mzere wake simudzauona."

"Ine ndizidzauona," anatero. Anayang'ana kumunda. "Za ntchito munandipulumutsa, achimwene, sindikana. Malata awa ndi umboni. Mukanakhala chete bwenzi mwana uyu akugona kukhitchini kwa anthu. Ndimakupemphererani pa chimenecho. Koma mukudziwa, pobwera kuno tinadutsa malire awiri. Pena asilikali anatitsitsa m'lole, ataledzera, mfuti zili m'manja. Mmodzi anaupeza mtandawo m'chiuno mwa Mujinga. Anaugwira chonchi, anauyang'ana, n'kumubwezera wathunthu. Munthu woledzera, wosatidziwa."

Misozi inangotsika, ine bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi, pakhonde la eni.

Anaitana Edina kuti abweretse kachitenje kaja. Anamasula n'kutulutsa zidutswa ziwirizo. "Pali ntchito imodzi imene mungandigwirire. Mwanayu anatenga dzina la agogo ake, Mujinga, ndiye mtandawu udzakhala wake. Amakonda kuugwira, koma pomwe panadutsa sowo pali mano, wadzichekapo kale kawiri. Mwabwera ndi tupa?"

Ndinali naye. Ndinakhala pansi, n'kupana chidutswa chachikulu pakati pa mawondo, n'kuyamba kupala m'mphepete modukamo. Kenako chaching'ono. Sindinagwirepo ntchito mosamala chotero pa makina aliwonse a esiteti. Kamtsikana kaja kanabwera kudzakhala pafupi, kakuonerera fumbi lofiira likugwera pamkeka. Nditamaliza a Muhiwa anayendetsa chala m'mphepete monse, kawiri, n'kupereka zidutswazo kwa mwanayo.

"Basi, mwatha," anatero. "Nyamukani dzuwa likadalipo, makabaza amavuta madzulo. Mukapereke moni kwa mayi."

Ndinatsanzika n'kunyamula chikwama. Kwathu kuno mlendo sachoka yekha, ngakhale wobwera kudzapempha moto amamutulutsa mpaka pamsewu. Edina anaimirira n'kuyamba kumanga chitenje kuti andiperekeze.

"Khala pansi, mwanawe," anatero a Muhiwa, mosakalipa. "Njira akuidziwa."